Khoma Loteteza Gombe Lomwe Tinamangitsa ku Senga Bay: Mmene Latitumikirira

Nyumba yomwe malemu bambo athu anatisiyira ku Senga Bay, m'boma la Salima, ili pa kachitunda ka mchenga koyang'ana kum'mawa, ndipo kwa zaka zambiri pakati pa mpanda wathu ndi madzi panali gombe lotakasuka moti ana ankasewerapo mpira. Nyanja itakwera m'chaka cha 2023, mafunde anayamba kufukula kunsi kwa chitundacho, ndipo pofika mu Julaye, mwera uli pachimake, mtengo wa mango umene unali m'malire unagwera m'madzi pamodzi ndi mbali ina ya mpanda. Tinayamba tasanja matumba a mchenga monga ankachitira anzathu oyandikana nawo, koma matumbawo ankafumbwa ndi dzuwa n'kung'ambika, ndipo mchenga umene tinkavutika kuthiramo unkabwerera m'nyanja. Pamenepo ndi pomwe tinagwirizana ndi abale anga kuti tifune kampani yodziwa kumanga m'madzi. Ndalemba ndemangayi khomalo litapirira nyengo ziwiri za mwera.

Mwa makampani atatu amene anabwera kudzaona malo, awiri anangoyeza utali wa gombe ndi tepi n'kutchula mtengo tsiku lomwelo. Yachitatu inatumiza injiniya amene anakhala pamalopo masiku awiri, akukumba timayenje kuti aone nthaka ya pansi, akuyeza kutalika kwa chitunda poyerekeza ndi madzi, komanso akufunsa asodzi achikulire kumene mafunde ankafika kalekale. Iye anatifotokozera kuti khoma la pa nyanja ya Malawi silimangidwa potengera madzi a chaka chimene mukumangacho, chifukwa m'chaka cha 1980 nyanjayi inafika pafupifupi mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika mpaka inaleka kutsanulira madzi ake mu mtsinje wa Shire. Ine ndinali m'gulu la anthu omwe ankaloza chala damu la Kamuzu Barrage ku Liwonde, pa mtsinje wa Shire, kuti ndilo likukweza madzi a nyanja, koma iye ananena modekha kuti madzi ambiri a nyanjayi amachoka ngati nthunzi, kotero mvula ikachuluka zaka zingapo motsatizana, zitseko za ku Liwonde pazokha sizingatipulumutse. Anatikumbutsanso kuti ntchito ya m'mphepete mwa nyanja imafuna chilolezo, ndipo anatithandiza kukonza mapepala opita ku khonsolo ndi ku bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority. Mtengo wawo unali wokwera kuposa wa anzawo aja, komabe tinasankha iwowo.

Ntchito inayamba mu Okutobala 2023, nthawi imene nyanja imakhala ikuphwera. Khomalo ndi la konkire yokhala ndi zitsulo mkati, lotalika mamita 38 motsata gombe, koma ndalama zathu zambiri zinathera pa zinthu zimene mlendo sangazione. Amisiri anakumba ngalande ya maziko yozama kuposa msinkhu wa munthu, pampu ikutulutsa madzi usana wonse, ndipo ndikuvomereza kuti pa nthawiyo ndinkaona ngati akungotimalizira simenti. Kapitawo wawo, bambo wodekha amene ankayankha funso lililonse mosanyinyirika, anandiuza kuti: “Achimwene, khoma la kunyanja siligwa chifukwa chomenyedwa kumaso ayi, limagwa madzi akalifukula kumapazi kapena akalikankha kumsana.” Pofuna kupewa zoyambazo anasanja miyala ikuluikulu m'tsinde mwa khoma kuti mafunde azisweka asanafike pa maziko. Pofuna kupewa zachiwirizo anayala kumbuyo kwake nsalu yosefa, yomwe imalola madzi kudutsa koma imatsekereza mchenga, anathirapo kwale, kenaka anaika timapaipi todutsa m'khoma motalikirana pang'ono kuti madzi a mvula ochokera kumtunda asamadikhe kuseri. Pa mvula ya mu Januwale ndinaima pagombe n'kuona timapaipito tikulavula madzi oyera, opanda dothi, ndipo m'pamene ndinamvetsa chimene ndinalipirira.

Chiyeso chenicheni chinabwera m'chaka cha 2024, pomwe nyanja inadutsa mamita 476 ndipo malo ogona alendo ambiri ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota analowa madzi. Mu Epulo madzi anali atagunda khoma lathu, ndipo mwera utayamba mu Meyi mafunde ankalimenya usiku wonse mwaphokoso moti alongo anga anasamukira m'chipinda cha kumbuyo. Khomalo silinapendekeke, silinang'aluke, ndipo udzu wa pabwalo unatsala mmene unalili, kupatula malo amodzi amene ndiwatchule m'munsimu. Chapafupi ndi ife panali khoma la njerwa limene linamangidwa chaka chimodzi ndi lathu popanda maziko ozama ndi timapaipi. Linagwa chafufumimba madzi asanafike ndi pachimake pomwe. Ubwino wina ndi wakuti madzi a nyanja yathu alibe mchere, choncho mpaka pano sindinaone dzimbiri likutuluka m'konkire.

Zodandaula zilipo, ndipo choyamba ndi nthawi. Tinapangana masabata asanu ndi atatu, koma ntchito inatenga masabata 14, moti konkire yomaliza anaithira mvula itayamba kale. Gawo lina la vutoli silinali lawo, popeza mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo mitengo ya simenti ndi zitsulo inakwera nthawi yomweyo. Chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti kampaniyo inaimitsa ntchito kwa masiku khumi isanatiuze chifukwa, n'kubwera pambuyo pake ndi kalata yopempha ndalama zowonjezera, pomwe mgwirizano umene iwo eni anakonza sunanene kalikonse za kusintha kwa mitengo. Tinagawana zowonjezerazo pakati, koma mawu ena amene tinalankhulana sabata imeneyo sanali okoma.

Chachiwiri ndi cholakwa cha mamangidwe. Khoma lotere limayenera kukhotera kumtunda m'mapeto mwake monse muwiri kuti madzi asalizembere kumbali. Kumwera analikhotetsa mokwanira, koma kumpoto anafupikitsa, akuti pofuna kutichepetsera mtengo. Mu Juni 2024 mafunde anadya malo a mnansi wathu amene alibe khoma, anazungulira kumapeto kuja, ndipo m'mawa wina tinapeza dzenje lofika m'chiuno pangodya ya bwalo. Ndinaimba foni kangapo, ndipo anabwera patatha masabata atatu. Atafika sanakane mlandu, anawonjezera mamita anayi osatilipiritsa ntchito, ife tinangogula zipangizo, koma m'masabata atatuwo ndinkagona khutu lili kunyanja.

Palinso chinthu china chimene injiniya anachitchula mongodutsa, pomwe chinkayenera kunenedwa momveka bwino tisanasaine. Khoma loongoka limabweza mafunde, ndipo madzi obwererawo amakoka mchenga wa patsogolo pake. Ngakhale nyanja ikaphwera mu Novembala, gombe lathu silibwereranso mmene linalili. Pamatsala kamzere kochepa ka mchenga ndi miyala yoterera ndi ndere. Asodzi amene ankakocheza mabwato awo pamenepo kuyambira nthawi ya bambo athu anasunthira chakumpoto, ndipo amayi a m'mudzi amene ankachapa ndi kutunga madzi pamalopo anakadandaula kwa amfumu. Anali ndi chifukwa chomveka, pakuti nyanja si ya mwini mpanda. Tinagwirizana kuti masitepe amene tinamanga kumapeto a kumwera azikhala otsegukira aliyense, ndipo tinasuntha chipata kuti njira yopita kumadzi isatsekeke. Ndikadadziwa izi poyamba, ndikadapempha kuti mbali ina ikhale yotsetsereka ya miyala, komanso kuti bango limene linatsala kumpoto lisadulidwe.

Munthu atandifunsa ngati ndingaitanenso kampani yomweyo, ndingayankhe kuti inde, koma ndingaumirire kuti mu mgwirizano mulembedwe za kusintha kwa mitengo, za masiku amene ayenera kufika pakachitika vuto, ndiponso kuti mnansi aitanidwe pa zokambirana kuyambira tsiku loyamba, chifukwa pamene khoma lanu lathera ndi pamene mavuto ake amayambira. Kusamalira kwake si kolemetsa, ngakhale sikutha. Mwera ukatha timatokosa timapaipi tija kuchotsa mchenga ndi tizigoba ta nkhono, ndipo chaka chino miyala ina ya m'tsinde yatitimira mumchenga, moti taitanitsa kale lole imodzi kuti idzatsitse ina nyanja ikaphwera.