LifeStraw Community pasukulu: imasefa bwino, koma werengerani kaye malita

LifeStraw Community ndi sefa ya madzi akumwa yopangidwira malo osonkhana anthu ambiri, makamaka masukulu ndi zipatala zing'onozing'ono. Siifuna magetsi, mabatire kapena mankhwala. Pamwamba pali thanki ya malita 25 yothiramo madzi osasefa. Madziwo amayamba adutsa pa kasefa kogwira zinyalala ndi mchenga, kenako amatsika okha n'kulowa m'sefa yeniyeni, yomwe ndi mtolo wa timachubu ting'onoting'ono, tokhala ndi timabowo ta ma micron 0.02 (micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Akadutsa pamenepo amagwera m'thanki yapansi, nayonso ya malita 25, yomwe ili ndi mipopi inayi kuti ana anayi azitha kutunga nthawi imodzi.

Kufunika kwa chipangizo chotere n'kosachita kufunsa. Lipoti la WHO ndi UNICEF linasonyeza kuti mu 2021 masukulu 29 pa 100 alionse padziko lonse analibe madzi akumwa ofika ngakhale pa mlingo woyambira. Ndipo mlingo woyambirawo umangotanthauza kuti pasukulu pali mjigo, mpopi kapena chitsime chotetezedwa, ndipo madzi anali kutuluka tsiku lomwe ofufuza anafika. Sutanthauza kuti madziwo anayezedwa. Choncho pali masukulu ambiri owerengedwa kuti ali ndi madzi pamene ana akumwa madzi okhala ndi E. coli, tizilombo tosonyeza kuti madzi akhudzana ndi chimbudzi, tomwe sitiyenera kupezeka ngakhale kamodzi m'mamililita 100.

Pa nkhani yochotsa tizilombo, sefa iyi ilibe chodandaulitsa. Bungwe la WHO litaiyesa linaipatsa nyenyezi zitatu, mlingo wapamwamba kwambiri, kusonyeza kuti imagwira mabakiteriya, mavairasi komanso tizilombo tokulirapo monga Giardia ndi Cryptosporidium. Apa ndi pamene imaposa kolorini, chifukwa Cryptosporidium safa ndi kolorini wa mlingo womwe anthu amathira m'madzi akumwa. Sefayi siiwonjezera fungo lililonse m'madzi, ndipo zimenezi si zazing'ono: mwana akanunkhiza kolorini wochuluka amabwerera kumadzi omwe anazolowera.

Vuto lili pa liwiro. Ikakhala yatsopano imasefa pafupifupi malita 12 pa ola. Ngati ana ali pasukulu maola 6, ndiye kuti mwapeza malita 72. Mukaithira madzi poweruka kuti thanki yapansi idzaze usiku, mwawonjezera 25, zonse pamodzi malita 97. Mwana aliyense akamamwa lita imodzi, sefa imodzi ikukwanira ana pafupifupi 100 basi, moti sukulu ya ana 600 ikufunika masefa 6. Ambiri amagula imodzi kapena ziwiri n'kuziika pakhomo la ofesi, kenako amadabwa kuti pofika nthawi yopuma mipopi yauma ndipo ana athamangira komwe ankamwa kale. Dziwaninso kuti ana samwa madzi mofanana tsiku lonse. Amakhamukira kumipopi pa mphindi 15 kapena 20 zopuma, ndipo nthawi imeneyo chomwe chikugwira ntchito ndi malita 25 osungidwa aja, osati liwiro la sefa. N'chifukwa chake kugawa makalasi kuti azipuma nthawi zosiyana kumathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Malangizo a WHO a 2009 amati sukulu yoyendera imafunika malita 5 pa munthu patsiku, yogonera komweko malita 20, kuphatikizapo osamba m'manja ndi oyeretsera. Sefayi ndi ya madzi akumwa okha. Musaononge madzi osefa pokolopa.

Malita 12 aja amatsika msanga madzi akakhala amatope. Matope amamatirira kunja kwa timachubu, ndipo mankhwala ake ndi kutsuka sefa mobweza madzi. Pali chogwirira chomwe umachikanikizira pansi, madzi oyera n'kubwerera m'timachubu kukankha litsiro, lomwe limagwera m'botolo lofiira pansi pake. Ntchitoyi ndi ya mphindi zochepa koma iyenera kuchitika tsiku lililonse, pamodzi ndi kutsuka kasefa kapamwamba. Madzi a m'botolo lofiira ndi oopsa kuposa omwe munathira, chifukwa tizilombo tonse togwidwa taunjikana mmenemo. Akatayidwe m'chimbudzi, botolo litsukidwe, wotayayo asambe m'manja ndi sopo, ndipo ana aang'ono asapatsidwe ntchito imeneyi. Ngati madzi achokera kumtsinje kapena padamu, asiyeni adikhe m'ndowa usiku wonse, muthire apamwamba okha, makamaka kudzera pansalu yoyera. Masefa ambiri otchedwa owonongeka sanawonongeke ayi, anangotsekeka chifukwa panalibe munthu wodziwika woti aziwatsuka. Ntchito ya aliyense imakhala ya palibe, ndiye pakhale mphunzitsi kapena wogwira ntchito mmodzi wolembedwa dzina, ndi wina womulowa m'malo akachoka.

Pali zomwe sefayi singachite ngakhale itasamalidwa chotani. Zinthu zosungunuka m'madzi zimadutsa m'timabowo popanda chotchinga: mchere, arsenic, fluoride, nitrate ndi mankhwala ophera tizilombo m'minda. Arsenic ndi vuto lalikulu m'madzi a pansi pa nthaka ku Bangladesh, fluoride wochuluka amapezeka m'madera ena a India ndi chigwa cha Rift Valley kum'mawa kwa Africa. Malire a WHO ndi mamaikirogalamu 10 pa lita kwa arsenic, mamiligalamu 1.5 kwa fluoride ndi mamiligalamu 50 kwa nitrate. Madzi oterewa amatuluka ali mbee, okoma bwino, koma poizoni ali momwemo. Kayezetseni madzi kulabotale musanagule.

China n'chakuti madzi osefa alibe chowateteza akangotuluka pampopi. Kolorini amatsalira m'madzi, ndipo mamiligalamu 0.2 mpaka 0.5 pa lita amapitiriza kupha tizilombo kwa maola angapo. Sefa siisiya kanthu kotero. Kapu imodzi yomwera kalasi yonse, zala zogwira kukamwa kwa mpopi, botolo losatsuka lochokera kunyumba, zonsezi zimabwezera zomwe sefa yachotsa. Mwana aliyense akhale ndi chomwera chake, mipopi izipukutidwa ndi madzi a kolorini, ndipo chivundikiro cha thanki yapansi chisamatsegulidwe mwachisawawa. Nthawi ya mliri wa kolera kapena tayifodi, kuthira kolorini m'madzi osefa omwe asungidwa m'zigubu n'kudikira mphindi 30 si kuwononga ndalama.

Opanga ake amati sefa yamkati imatha kusefa malita 70,000 mpaka 100,000. Pa malita 100 patsiku kwa masiku 200 a sukulu, ndi zaka zitatu ndi theka mpaka zisanu, koma ndi madzi amatope osadikhitsa simungafikeko. Ikani pamthunzi, pamalo osapendekeka, chifukwa dzuwa limafooketsa pulasitiki ndiponso kumeretsa ndere. Kumayiko ozizira isasiyidwe panja, poti madzi akaundana mkati timachubu timang'ambika ndipo tizilombo timadutsa popanda chizindikiro chooneka ndi maso. Tchuthi chachitali nachonso n'choopsa: timachubu tikauma madzi amavuta kudutsanso, choncho tsatirani malangizo a kasungidwe omwe amabwera ndi sefayo.

Sefayi ndi yoyenera kusukulu yaing'ono kapena yapakatikati yomwe madzi ilinawo koma ndi okayikitsa, makamaka kopanda magetsi. Kusukulu ya ana masauzande yokhala ndi thanki yaikulu ndi mapaipi, kachipangizo kothira kolorini panjira yolowera m'thanki kamafikira ana ambiri ndi ntchito yochepa. Komwe kulibiretu madzi, ndalama zipite kaye kumjigo kapena kuthanki ya madzi a mvula. Ndipo musanasaine zogula, funsani wogulitsa kuti sefa yamkati ndi mipopi yosinthira mudzazipeza kuti, pa mtengo wanji, ndiponso zimatenga masabata angati kufika.