Khadi ya mapointi a ndege: zimene ndaona m'chaka chimodzi ndili ku Leeds

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito khadi ya ngongole yopereka mapointi a ndege (mapointi amene umapeza pogula zinthu n'kudzawasinthanitsa ndi matikiti a ndege) kwa chaka chathunthu tsopano kuno ku Leeds, komwe ndimagwira ntchito ya unamwino, ndipo anzanga angapo a ku tchalitchi akhala akundifunsa ngati kuli kwanzeru kuti nawonso aitenge. Chimene chinandikopa n'chodziwikiratu kwa Mmalawi aliyense wokhala ku Britain. Kulibe ndege yochoka ku London kukatera ku Lilongwe mwachindunji, munthu amayenera kudzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo matikiti a banja la anthu anayi amameza ndalama zimene wasunga kwa miyezi yambiri. Banki inalonjeza kuti ndikagula zinthu za mapaundi 3,000 m'miyezi itatu yoyambirira idzandipatsa mapointi ambiri a malonje, ndipo ine ndinawerengetsa kuti amenewo angandichepetsere mtengo wa tikiti imodzi yokafika ku Johannesburg. Za mapointiwo ndinena pang'ono chabe, chifukwa chimene chinandiyesa mtima kwambiri, ndiponso chimene aliyense wofuna khadi yotere ayenera kuchidziwa asanasayine, ndi momwe nthambi ya banki yolimbana ndi akuba imachitira ndi munthu amene akuthamangira mphotoyo.

Vuto lake lili pa gwero penipeni. Makompyuta a banki amaphunzira kagulidwe ka munthu: masitolo amene amapitako, maola amene amagula, kukula kwa ndalama zimene amatulutsa, ndi dziko limene ali. Chilichonse chosiyana ndi chizolowezi chimenecho amachikayikira. Komano khadi yatsopano ilibe mbiri iliyonse, ndipo malonje aja amakukakamiza kusonkhanitsa zogula zikuluzikulu zonse m'masabata ochepa. Choncho banki yomweyo ndi dzanja limodzi imakukoka kuti ugule msanga, ndipo ndi dzanja lina imakugwira chifukwa wagula msanga. Palibe pamene anandifotokozera zimenezi potsegula akaunti.

Ndinaziona koyamba mu Marichi, khadi itangotha masiku asanu ndi anayi, pamene ndinapita kukagula filiji m'sitolo ina yaikulu. Ndinalowetsa khadi m'makina, ndinalemba nambala yanga yachinsinsi molondola, koma makinawo anakana. Mtsikana wa pa kauntala anayesanso kachiwiri, ndipo kumbuyo kwanga kunali anthu asanu amene anayamba kuyang'ana mawotchi awo. Foni inanjenjemera m'chikwama patapita pafupifupi mphindi ziwiri, ndi uthenga wofunsa ngati ndinali ine amene ndimagula. Nditayankha kuti inde, kachitatu ndalama zinadutsa. Manyazi a pa mzere ndinawamva, koma kunena chilungamo pamenepa ntchito inayenda monga iyenera kuyendera: funso linabwera msanga, yankho linali losavuta, ndipo sindinafunike kuimbira munthu aliyense.

Nkhani ya matikiti ndi imene inandipweteka. Usiku wina mu Epulo, nditaweruka mochedwa, ndinapeza matikiti anayi a mu Ogasiti pa mtengo wa mapaundi 2,380 onse pamodzi. Kuyambira pa 14 Marichi 2022, malamulo a ku Britain amafuna kuti pa zogula zambiri za pa intaneti banki itsimikize kawiri kuti wogulayo ndi mwini khadi, nthawi zambiri kudzera pa apu ya pafoni kapena nambala yotumizidwa pa uthenga. Ndinachita zonsezo. Apu inandifunsa, ndinaika chala, inavomereza, koma patangopita kamphindi tsamba la matikiti linati malipiro akanidwa, ndipo khadi inatsekedwa yonse. Uthenga sunabwere. Ndinaimba foni cha m'ma 11 koloko usiku n'kudikira mphindi makumi anayi, ndipo bambo amene anandiyankha, ngakhale anali aulemu kwambiri, anati kutsekula khadi yotsekedwa mwa njira imeneyo kumachitika ndi nthambi ina imene idzandiimbira m'mawa. Anandiimbiradi ndili m'wodi, pamene sindingayankhe foni. Pofika masana khadi inatsekulidwa, koma matikiti aja anali atakwera ndi mapaundi 190.

Apa ndi pamene ndimaidzudzula banki kwambiri. Ngati munthu watsimikiza kale ndi chala chake pa foni imene banki yomweyo inailembetsa, kumukananso popanda kumupatsa njira yachangu yodzidziwikitsira n'kusalemekeza chitsimikizo chimene iwo eni anachikhazikitsa. Ndikumvetsa kuti akuba amakonda kugula matikiti a ndege usiku ndi makhadi obedwa, ndipo sindikukana kuti kugula kwanga kunafanana ndi kwawo. Koma mtengo wa kukayikira kumeneko unagwera ine ndekha, ndipo mapaundi 190 ndi ochuluka kuposa phindu limene mapointi a kugula konseko akanandibweretsera.

Mu Meyi zinthu zinatembenuka, ndipo ndinaona mbali ina ya nthambi yomweyo. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, munthu wina anayesa khadi yanga ndi paundi imodzi yokha pa tsamba lina la pa intaneti, monga amachitira akamberembere pofuna kuona ngati manambala amene aba akugwira ntchito. Pasanathe mphindi khumi anayesa kugula foni ya mapaundi 899. Banki inakana, inatseka khadi, ndipo podzuka ndinapeza uthenga pa apu. Paundi imodzi ija anaibweza tsiku lomwelo. Malamulo a mu 2017 okhudza malipiro amalamula banki kubweza ndalama zochotsedwa popanda chilolezo pofika kumapeto kwa tsiku logwira ntchito lotsatira, pokhapokha ngati ikukayikira kuti mwini khadiyo ndi amene akuchita chinyengo, ndipo pa ine sanachedwe ngakhale pang'ono.

Madzulo ake kunabwera foni ya mwamuna wolankhula modekha, amene anati ndi wa ku nthambi ya chitetezo ya banki ndipo akufuna kundithandiza kuletsa malipiro ena okayikitsa. Ankadziwa dzina langa ndi manambala anayi omaliza a khadi. Anapempha kuti ndimuwerengere nambala imene ibwere pa foni yanga. Ndinadula foni n'kuimba 159, nambala imene inayamba kugwira ntchito mu 2021 kuti munthu ali ku Britain alumikizidwe ndi banki yake yeniyeni akakayikira woimba, ndipo kumeneko ananditsimikizira kuti palibe wa ku banki amene anandiimbira. Ndimaganizabe za tsiku limenelo, chifukwa munthu amene wakanidwa kangapo pa zogula zake zenizeni amafika potopa, n'kuyamba kuvomereza uthenga uliwonse mofulumira kuti zinthu zingoyenda. Machenjezo abodza akachuluka amafooketsa tcheru cha munthu pa tsiku limene chenjezo lili loona, ndipo akuba amadziwa bwino zimenezi.

Khadi yatsopano inafika patatha masiku asanu ndi limodzi, pamene tsiku lomaliza la malonje linali pafupi. Ndinafunsa ngati angandiwonjezere masiku amene ndinakhala wopanda khadi, ndipo anati malamulo a malonjewo salola. Ndinazindikiranso mochedwa zinthu ziwiri zimene zinalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono ta mgwirizano. Choyamba, katundu amene wabweza kusitolo amachotsedwa pa chiwerengero cha mapaundi 3,000 aja. Chachiwiri, ndalama zotumiza kumudzi kudzera pa khadiyi amaziwerenga ngati kutapa ndalama pa makina: sizibala mapointi, zimadulidwa ndalama yapadera, ndipo chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo. Kwa ife amene timatumiza ndalama kwa makolo mwezi uliwonse, imeneyi ndi mfundo yaikulu, ndipo ndikanakonda akanailemba pa tsamba loyamba. Mapaundi 3,000 aja ndinawakwanitsa kutangotsala masiku awiri, chifukwa matikiti aja ndi filiji zinali zitanyamula gawo lalikulu.

Chondichitikira chomaliza chinali ku Lilongwe mu Ogasiti. Ndinapita ndi achimwene anga ku masitolo a zomangira a ku Malangalanga kukagula malata ndi simenti zokonzera nyumba ya amayi ku Dedza. Ndinali nditadziwitsa banki pa apu kuti ndili pa ulendo, ngakhale kuti apuyo inanena kuti masiku ano sikofunikira kutero. Bambo wa m'sitolo analowetsa khadi, anadikira, kenaka anatembenuza makina kuti ndione ndekha. "Pepani mayi, yakana. Tiyesenso?" Inakananso. Banki inali itatumiza funso lake pa uthenga wamba ku nambala yanga ya ku Britain, pamene simu ya nambala imeneyo inali m'kachikwama ku Area 25, chifukwa m'foni ndinali nditaikamo ya ku Malawi kuti ndizilankhula ndi abale motchipa. Apu inali ndi intaneti ndipo inkatseguka bwinobwino, koma munalibe batani lovomerezera malipiro a m'sitolo. Mwini lole amene tinamulemba ganyu anali akudikira panja, dzuwa likupendeka. "Achemwali, musavutike, ndilipira pa Mpamba mudzandibwezera," anatero achimwene, ndipo theka la katunduyo tinalitenga choncho, theka linalo tinabwerera mawa lake ndi ndalama m'manja.

Pambuyo pake ndinaona kuti kukanidwako kunandipulumutsanso ku chinthu china, chifukwa khadi imeneyi imadula pafupifupi 3 peresenti pa chilichonse chogulidwa m'ndalama za dziko lina, ndipo mapointi amene ndikanapeza pa malatawo sakanafika pa ndalama imeneyo. Ndikofunika kumvetsa kumene mapointi amachokera. Kuyambira mu Disembala 2015, ndalama imene banki yopereka khadi imalandira kuchokera kwa wamalonda pa makhadi ambiri a ngongole a Visa ndi Mastercard ku Britain siingapitirire 0.3 peresenti ya mtengo wa chogulidwacho. Ku America kulibe malire otere pa makhadi a ngongole, n'chifukwa chake mphoto za kumeneko zimakhala zonenepa, ndipo malangizo a anthu a kumeneko otsegula makhadi ambirimbiri sagwira chimodzimodzi kuno. Kuno mphoto imalipiridwa makamaka ndi ndalama ya pachaka imene mwini khadi amalipira, ndalama zodulidwa kunja kwa dziko, ndi chiwongoladzanja cha anthu amene alephera kubweza ngongole yonse pa mwezi. Amene salipira sitetimenti yonse mwezi uliwonse asaitenge khadi yotere, chifukwa chiwongoladzanja cha miyezi iwiri kapena itatu chingathe kufafaniza mapointi a chaka chonse.

Chabwino chimodzi chimene sichikhudzana ndi mapointi, koma chimene ndimachiwerengera kwambiri, ndi gawo 75 la lamulo la ngongole la mu 1974. Ukagula chinthu cha mtengo wopitirira mapaundi 100 mpaka mapaundi 30,000 ndi khadi ya ngongole, banki imakhala ndi udindo wofanana ndi wogulitsa ngati katunduyo safika kapena kampaniyo yagwa. Pa matikiti a ndege ogulidwa miyezi inayi ulendo usanachitike, chitetezo chimenechi n'chenicheni, ngakhale kuti pogula kudzera mwa ajenti nthawi zina sichigwira.

Mapointi a chaka chonse, kuphatikizapo a malonje, akwana tikiti imodzi yokafika ku Johannesburg ndi kubwerera, koma misonkho ndi ndalama zina za ndege ndiyenera kulipira ndekha, ndipo gawo lochoka ku Johannesburg kukafika ku Lilongwe n'logula padera. Za mapaundi 190 aja ndinalemba dandaulo, podziwa kuti ngati banki siyankha mokhutiritsa munthu angathe kukadandaula kwaulere ku Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo a anthu pa mabanki. Sindinafike kumeneko, chifukwa patatha masiku khumi ndi awiri anandibwezera mapaundi 75 ndi kalata yopepesa, ngakhale kuti pempho langa loti mafunso a malipiro a m'sitolo azibweranso pa apu sanaliyankhe mwachindunji. Ndalipira ndalama ya chaka chachiwiri mwezi watha, popeza tsopano makompyuta awo akuoneka kuti azolowera kagulidwe kanga ndipo kuyambira mu Seputembala sindinakanidwenso. Pa ulendo wa mu Disembala ndagula foni yolowa masimu awiri kuti nambala ya ku Britain isachokemo, ndipo m'chikwama mudzakhala khadi yachiwiri ya banki ina, imene sidula kanthu pogula kunja kwa dziko.