Drakensberg, Lesotho kapena Kilimanjaro: phiri liti la anthu awiri ochokera ku Joni?

Zinayamba ndi kunyogodolana. Mnzanga amene timagawana naye lendi ku Rosettenville ndi wa kunyanja, ku Nkhotakota. Ine kwathu ndi ku Mulanje, kufupi ndi Likhubula. Tsiku lina ndikudzitama kuti ndinaponda pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ndili Fomu 3, iye anangondiyang'ana pamimba nati, "Aise, zakalekale zimenezo. Panopa ngakhale chulu mungakwere inu?" Kuchokera tsiku limenelo tayenda maulendo awiri a kumapiri, ndipo wachitatu tikuusonkhera ndalama. Popeza abale angapo akhala akutifunsa kuti ayambire pati, ndati ndiike mapiri atatuwa pamodzi, muone nokha. Muyezo wanga ndi Sapitwa, mamita 3,002, chifukwa ndilo phiri limene miyendo yanga imalidziwa.

Ndiyambe ndi Drakensberg, amene Azulu amati uKhahlamba. Uyu safuna pasipoti, safuna tchuthi chachitali, ndipo kwa ife ogwira ntchito za mabwana, zimenezi si zazing'ono. Mumatenga msewu wa N3 mpaka Harrismith, n'kukhota kulowera ku Phuthaditjhaba, ulendo wa maola anayi kapena kupitirirako pang'ono. Mukadutsa malo ogona alendo a Witsieshoek msewu umaipa, moti kagalimoto kotsika mimba ndi bwino kukasiya pamenepo n'kulipira galimoto ya pamalopo ikufikitseni poimika magalimoto pa Sentinel. Apo mumalipira, n'kulemba mayina m'buku la okwera phiri. Bukulo musalione ngati chipongwe. Mukapanda kubwerera, okusakani amayambira m'menemo.

Njira yake ndi ya makilomita pafupifupi 12 kupita ndi kubwera, ndipo munthu wathanzi amamaliza tsiku lomwelo. Imazungulira chimwala cha Sentinel, cha mamita 3,165, mpaka kukafika pa makwerero a unyolo. Apa ndi pomwe ndinachitira manyazi. Makwererowa ali m'zigawo ziwiri, opachikidwa pathanthwe loima chilili, ndipo mphepo ikawomba amagwedezeka. Mnzangayo ntchito yake ndi yopenta nyumba, tsiku lililonse amakhala pa makwerero, ndiye anangokwera uku akuimba mluzu. Ine mwana wa kuphiri ndinafika pakati n'kuuma gwa, manja atakanirira unyolo, maondo akuombana. Iye ali pamwamba, "Achimwene, musayang'ane pansi, yang'anani mwala uli pamphuno panuwo. Phazi limodzi basi." Mpaka lero akafuna kunditseka pakamwa amangoti "phazi limodzi basi". Kwa amene mtima sungalole, pali njira ina yodzera m'khwawa la miyala la Beacon Buttress. Ndi yotopetsa kwambiri, koma mapazi amakhala pansi.

Pamwamba pake m'posalala ngati dambo, ndipo mukayenda pang'ono mumafika pomwe mtsinje wa Tugela umadziponya kuphompho, mathithi a mamita 948. Koma dziwani nyengo. M'miyezi yozizira, Juni mpaka Ogasiti, madzi amachepa kwambiri, nthawi zina amaundana, ndipo chipale chofewa chimagwa. M'dzinja madzi alipo ambiri, koma masana kumachita ziphaliwali, ndipo kugwira unyolo wachitsulo mphenzi zikung'anima ndi kudziputira. Ife tinapita pa Isitala, tinanyamuka mbandakucha, pofika 2 koloko tinali titatsika. Zogona pamwambapo awiriwiri mu tenti sindikulimbikitsani, chifukwa pakhala pakumveka za anthu oberedwa usiku. Amene akufuna kugona kumeneko apite pagulu.

Lesotho ndi nkhani ina, ndipo ndisabise, ndi kumene mtima wanga unatsalira. Dziko lonselo ndi phiri: malo ake otsikitsitsa ali pa mamita pafupifupi 1,400. Nsonga yake yaitali, Thabana Ntlenyana, ndi mamita 3,482, kuposa Sapitwa ndi mamita 480, ndipo m'chigawo chonse cha kumwera kwa Africa mulibe ina yoiposa. Ambiri amaiyambira pamwamba pa Sani Pass, pa mamita 2,876. Kuchokera ku Joni mumayenda tsiku lathunthu kukafika ku Underberg, kenako mumafunika galimoto ya 4x4 kuti ikukwezeni msewu wokhotakhota uja. Kukwera kwenikweniko sikoopsa. Kulibe makwerero, kulibe phompho loti n'kuumirapo. Ndi mtunda chabe, udzu ndi miyala, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mphepo ikukumenyani kumaso osapumira. Mitengo kulibe, ndiye nkhungu ikatsika zitunda zonse zimafanana. Wa kwathu amene anakumanapo ndi chiperoni pakati pa Chisepo ndi Sapitwa akudziwa chimene ndikunena. Tengani wotsogolera wa komweko, musaumire.

Chimene Lesotho amaposera anzake ndi anthu. Pa Sentinel mumakumana ndi alendo anzanu okhaokha. Kuno mumadutsa abusa a nkhosa atafunda mabulangete, agalu awo ali pambuyo, mumapereka moni wa "Lumela ntate", mumagona m'nyumba zozungulira za miyala. Chakudya ndi papa ndi moroho, kunena kwake nsima ya ndiwo zamasamba, moti mnzanga uja anadya mpaka kuiwala kudandaula za chambo. Ngati mmodzi wa inu miyendo ndi yofooka, ku Malealea ndi ku Semonkong kuli maulendo a pa mahatchi, ndipo ku Semonkong komweko kuli mathithi a Maletsunyane a mamita 192. Ndalama simuvutika kusintha: loti ndi yofanana mphamvu ndi randi, ndipo marandi amalandira paliponse.

Tsono pali nkhani imene timaopa kuitchula pagulu: mapepala. Kupita ku Lesotho ndi kutuluka mu South Africa, ngakhale dzikolo lili m'mimba mwa linzake. Pasipoti ya Malawi imatipatsa masiku 30 okha kuno ku South Africa ngati tilibe chilolezo china, ndipo chiyambire malamulo a 2014, wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati sanapitirire masiku 30, zaka zisanu ngati wapitirira. Chidindo chimenecho amakumenyani potuluka. Ndiye musanagule ngakhale sokosi, khalani pansi mutsegulirane mapasipoti. Mnzanu akayamba kuzembazemba nkhani ya Lesotho, musamukakamize kapena kumufunsa mafunso ambiri pamaso pa anthu. Mungomuuza kuti tiyeni ku Drakensberg. Za Kilimanjaro n'chimodzimodzi, chifukwa pa bwalo la ndege la OR Tambo amayang'ananso masiku omwewo.

Kilimanjaro ndiye amene aliyense amamutchula poyamba, poti dzina lake ndi lomveka ndipo chithunzi cha pa Uhuru Peak, mamita 5,895, chimakoma pa WhatsApp. Ife a Malawi sitifuna viza kulowa mu Tanzania, koma mwayi wathu umathera pomwepo. Mitengo yotsika ya kupaki ndi ya nzika za mayiko a East African Community, ndipo Malawi sali m'gululo, choncho timalipira madola ngati mlendo wochokera ku Ulaya. Lamulo silola kukwera nokha: pamafunika wotsogolera wovomerezeka, ndipo naye amabwera ndi wophika ndi onyamula katundu, amene pomaliza mumawapatsa kangachepe. Zonse pamodzi, munthu mmodzi amatha kulipira madola oyandikira 2,000 kapena kuposa, ndege isanawerengedwe. Sinthani ndalama imeneyo mu marandi, muganizenso za malata amene mayi akudikira kumudzi, muone ngati tulo tibwere.

Njira zodziwika ndi zitatu. Marangu ndi ya masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo mumagona m'nyumba pa Mandara, Horombo ndi Kibo, zofananako ndi nyumba za pa Mulanje monga Chambe ndi Thuchila. Machame ndi Lemosho ndi za matenti, ndipo Lemosho imatenga masiku asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Wofuna kupulumutsa ndalama amathamangira ya masiku ochepa, koma apo m'pomwe ambiri amabwerera panjira. Pansonga paja mpweya umene munthu amakoka ndi pafupifupi theka la wa m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo thupi limafuna masiku kuti lizolowere. N'chifukwa chake otsogolera amangokhalira kunena kuti "pole pole", kutanthauza pang'onopang'ono. Ife a ku Joni tili ndi poyambira pabwino, popeza mzinda uno uli pa mamita 1,753, koma zimenezo sizitchinjiriza munthu ku mutu waching'alang'ala, kusanza ndi befu wa pamwamba pa mamita 4,000. Matendawa sayang'ana minofu. Amatha kugwetsa wothamanga mpira n'kusiya agogo akupitirira.

Apa ndi pomwe mapiri atatuwa amasiyana kwenikweni kwa anthu oyenda awiri. Pa Sentinel mnzanu akalephera, nonse mumabwerera, mwataya mafuta a galimoto ndi Loweruka limodzi, mudzabweranso. Ku Lesotho mumakwera hatchi kapena kungotsala m'mudzi kuwotha moto, ulendo n'kukomabe. Pa Kilimanjaro usiku womaliza mumanyamuka cha pakati pa usiku, kuzizira koopsa, ndipo mmodzi akadwala amatsitsidwa ndi wothandizira pomwe winayo ayenera kusankha pomwepo: kutsika ndi mnzake, kapena kupitirira ndi ndalama zake za zaka ziwiri zili m'mutu. Kwathu akuluakulu amati ukapeza chakudya cha mizimu pa phiri la Mulanje umadya wekha osaitana mnzako. Ndili mwana ndinkaona ngati nkhanza. Nditayamba kuwerengera za Kilimanjaro ndinaona kuti phiri limenelo nalonso lili ndi mbale ya munthu mmodzi.

Wina afunsa kuti bwanji osangopita kwathu ku Mulanje. Funso labwino, ndipo pa mtengo palibe lingapikisane nalo: nyumba zilipo, nkhuni zilipo, otsogolera ndi onyamula katundu ndi ana a kwathu. Vuto ndi lakuti ife timapita kumudzi mu Disembala, mvula ili pakati, matanthwe a Sapitwa akuterera ngati therere. Nyengo yabwino ndi Meyi mpaka Okutobala, nthawi imene abwana sakupatsa tchuthi. Komanso ukafika kumudzi ndi katundu wa Khirisimasi, ndani angakulole kuthawira kuphiri masiku atatu?

Za zida, pa Drakensberg ndi Lesotho jombo zoyenda nazo kale, jekete yoletsa mvula ndi mphepo, chipewa, tochi ndi kamba wa mtedza ndi mbatata zimakwana. Jombo zatsopano musaziyesere paphiri. Kaziyendereni kaye ku Klipriviersberg kapena pa masitepe a ku Westcliff Lamlungu m'mawa. Za Kilimanjaro, zovala zolemera ndi zofunda amabwereketsa ku Moshi, tauni ya m'munsi mwa phirilo, palibe chifukwa chogulira zinthu zoti mudzavale sabata imodzi.

Ndikanati ndiyambirenso, ndikanatsata ndondomeko yomweyi: Sentinel poyamba, kuti mudziwe ngati mnzanuyo amadikira kapena amakusiyani, ngati amakwiya akamva njala, ngati amaseka mukauma pa makwerero. Lesotho kachiwiri, mapasipoti akalola. Ife tsopano tili pa chipereganyu cha awiri, mwezi uno iye, wamawa ine, ndalama zikupita mu akaunti imene tonse sitiikhudza. Tagwirizana kale za Lemosho. Za amene adzapitirire wina akadwala sitinamvanebe. Iye akuti adzatsika nane. Ine ndamuuza kuti akadzayerekeza kutero adzandibwezere theka la ndalama zanga, ndipo akuti tidzakambirana tikafika ku Moshi.