Ndemanga: kukonzetsa mashoko a Boxer kuti agwirizane ndi kulemera kwanga

Ndapereka nyenyezi 4 pa 5, ntchito yokha ndi yabwino koma kusunga nthawi kwa amakaniki amene anandikonzera njinga yamotoyi ndiye ayi ndithu.

Njinga yanga ndi Boxer 150, ndinagula kwa munthu, ndimapangira kabaza ku Lilongwe kuno mbali ya Area 25, 49 mpaka ku Kanengo uko, nde mukudziwa nokha mmene misewu ya mmakwalala imakhalira mvula ikangoyamba. Ine ndine wochepa thupi, makilo 58 basi, koma makasitomala anga ambiri ndi azimayi a geni, akakwera ndi thumba la chimanga la 50kg pa keriya njinga imakhala pansi kumbuyo mpaka usiku laiti kumaloza mmitengo, magalimoto kumandiphethira. Pa bampu imagunda kuti gu! komanso pokhota imachita ngati ikukana mbali imodzi. Anzanga pa siteji ankangoti gula mashoko atsopano aise, koma ndalama yake ili kuti.

Chomwe chinandisangalatsa ndi choti amakanikiwa sanathamangire kundigulitsa chinthu. Anayamba ayang'ana kaye, nkupeza kuti shoko ya kumanzere ili pa sitepe 5 ya kumanja pa 2. Mashoko awa kunsi kwa sipuling'i kuli kachitsulo kozungulira ka masitepe asanu, ndiye mbali zonse ziwiri zimayenera kukhala pa nambala imodzi, apo ayi imodzi imanyamula katundu yokha inzake ikungoyang'ana. Kenako anatenga tepi, anaimika njinga pa sitandi yapakati tayala la kumbuyo lili mmwamba nkuyeza kuchoka pa nati ya tayala kufika pa bawuti ya keriya. Atatero akuti achimwene takwerani, mapazi pa mafutiresti, mnyamata wawo atagwira handulo, nkuyezanso. Amati kusiyana kwake kuzikhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene shoko imatha kutsika, pa njinga ngati iyi ndi cha mma 3cm. Ndili ndekha zinakwanira pa sitepe 2, titakwera awiri pa 4.

Apa ndi pomwe ndinamva chinthu chimene ambiri pa siteji timalakwitsa pokamba. Timati kukweza sitepe kumalimbitsa sipuling'i, koma ayi, sipuling'i ndi yomweyo, chimasintha ndi pomwe njinga ikukhazikika ukakwera. Ukaisiya pansi kwambiri ndi katundu shoko imakhala yatha kale mtunda wake usanafike nkomwe pa bampu, ndiye kugunda kuja. Ukakweza kwambiri uli wekha wopepuka ngati ine tayala likalowa mdzenje lilibe potsikira, njinga imadumpha ngati mbuzi ndipo msana ndi umene umalipira madzulo.

Kutsogolo kulibe posinthira, ndiye anangokhuthula oyilo wa mafoloko, miyendo iwiri ija yogwira tayala la kutsogolo. Anatuluka wakuda bii, wonunkha, ndipo mwendo umodzi unali ndi wochepa chifukwa silu, kalabala kotchinga oyilo, inkadontha, nchifukwa chake fumbi linkamatirira pa payipi paja. Anaika masilu atsopano ndi oyilo wa 10W, poyeza ndi sirinji kuti mbali zonse zifanane osati kungothira mwa maso ayi. Anaonanso tcheni ine nditakwera, akuti njinga ikatsika tcheni imakungika ndiye yooneka bwino pa sitandi itha kukhala yothina ukanyamula munthu. Ndi mpweya wa matayala omwe anayeza ndi geji, langa lakumbuyo linali lodzadza mopitilira.

Zotsatira zake bho. Ndikagwira buleki kutsogolo sikugwada ngati kale, pokhota ikutsatira handulo, laiti ikuwala pa msewu. Mayi wina amene ndimamunyamula kupita ku msika anachita kufunsa ngati ndagula ina eti. Ndalama zonse kuphatikiza masilu ndi oyilo sizinafike ngakhale pa mtengo wa mashoko atsopano.

Koma pa kabaza tinene zoona, palibe amene angamatsike kusintha sitepe kasitomala aliyense, uyu mwana wasukulu uyu bambo wa mimba yake ndi kireti ya zakumwa. Ine ndimangoisiya pa 3 masiku wamba, tsiku lonyamula matumba ndimakweza pa 5 mmawa. Pamafunika kasipanala kokhota ngati C, osati hamala ndi tchizulo ngati amachitira ena mpaka mano a kachitsulo kaja kuthothoka. Komanso ngati shoko yanu ikudontha oyilo, kapena mukaidinikiza ikumangonjanja osaima, imeneyo yafa basi, sitepe siingaidzutse, pitani mukagule ina ndipo mugule ziwiri zonse.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa anandiuza ndibwere 8 koloko koma anagwira njinga cha mma 11, akumangoti dikilani pang'ono bwana tikumalize iyi, pomwe mmawa ndi nthawi ya makasitomala opita ku ntchito. Mpando anausiyanso ndi girizi, ndinachita kupempha kansalu ndekha. Mukamapita pitani masana ndipo muwauze kulemera kwanu ndi katundu amene mumanyamula kawirikawiri, ngati nkotheka mutenge mnzanu akakwere kumbuyo poyeza.