Basi kapena sitima yapansi: kuyenda ndi ana mu London

Banja likapita kutchuthi ku London, m'mawa uliwonse pamakhala kukambirana: tikwere basi kapena Underground, sitima yoyenda pansi pa nthaka?

Sitimayi ndi yachangu, palibe angatsutse. Kuchokera ku bwalo la ndege la Heathrow, njanji ya Piccadilly imakufikitsani pakati pa mzinda osakodwa mumdipiti wa magalimoto. Koma masiteshoni ambiri akale alibe zikepe. Bambo asenza chikuku cha mwana pamasitepe, mayi akukoka sutikesi, kumbuyo anthu othamangira kuntchito akukupanikizani. Nyengo yotentha, pansipo thukuta limachita kamukamu.

Basi imachedwa, komabe kwa ana ine ndimasankha iyo. Kwerani nambala 15 pa Trafalgar Square, mukhale m'chipinda chapamwamba cha basi yosanjayi, chakutsogolo: ana aona tchalitchi cha St Paul's ndi Tower of London miyendo ikupuma. Chikuku chimalowa osachipinda, pokhapokha akakwera munthu wapanjinga ya olumala, poti malowo ndi ake. Mukasintha basi ola lisanathe, simulipiranso.

Ana osakwana zaka 11 salipira konseko, kungoti m'sitima ayenera kukhala ndi wamkulu wolipira. Kuyambira 2014 mabasi salandira ndalama zapamanja, choncho konzeranitu khadi lolipirira maulendo la Oyster kapena la kubanki.