Viniga, magetsi kapena madzi owira: volovolo ya agogo tiichotse bwanji dzimbiri?

Mbale wathu wina wa ku Mufakose, ku Harare, wapeza volovolo m'sutukesi ya malemu agogo ake, yofiira psuu ndi dzimbiri, ndipo akufuna iyambenso kugwira ntchito. Ndi Webley Mk VI yopangidwa ku Birmingham, ya zipolopolo za .455, yomwe asilikali a Britain anayamba kunyamula mu 1915. Agogo athu a ku Nyasaland amene anali m'gulu la asilikali la King's African Rifles ankaziona m'chiuno mwa maofesala awo.

Achimwene, musanaganize za dzimbiri, pitani kupolisi. Kuno ku Zimbabwe lamulo la Firearms Act limafuna chiphaso, ndipo kusunga mfuti popanda chiphasocho ndi mlandu. Komanso mkatimo mwina muli zipolopolo. Ngati yakana kutseguka, osaikakamiza ndi hamala.

Za chiphaso zikatheka, njira imene ambiri amathamangira ndi viniga chifukwa ndi wotchipa. Dzimbiri amachotsadi, koma sasankha. Amadyanso khungu lakuda lija limene fakitale inaika pachitsulo. Ine ndinamizapo bayonet (mpeni wa kunsonga kwa mfuti) yakale usiku wonse m'botolo lodula pakamwa. M'mawa inatuluka yotuwa ngati phulusa, yokhakhala m'manja, ndipo dzuwa lisanalowe inali itayambanso kufiira. Mpaka lero ndikaiona mtima umandiwawa.

Magetsi, ija amati electrolysis, ndi abwinoko: tchaja ya batire ya galimoto, madzi a washing soda ndi chitsulo china chongotaya. Dzimbiri limachoka mpaka m'makona momwe burashi siifika, chitsulo chabwinocho osadyeka. Pa khasu kapena vaisi yakale ndimaikonda. Pa mfuti ayi, chifukwa khungu lakuda limapitanso, ndipo mpweya wa hydrogen umene umatuluka ungachititse kuti masipuling'i azithyoka msanga.

Guraindala ndi sandipepala musaziyandikitse n'komwe. Amisiri a ku Magaba, ku Mbare, angakupukutireni mpaka iwale ngati sipuni, koma nambala yake, chaka, ndi kachizindikiro ka muvi kosonyeza katundu wa boma la Britain zonse zifufutika. Nambala ikafufutika, nkhani yanu kupolisi yakulanso.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi yowiritsa. Mmisiri wa mfuti amasule zitsulozo, zogwirira zakuda za labala wolimba aziike padera chifukwa zimasweka zikakalamba. Tsukani mafuta onse, kenaka wiritsani zitsulozo m'madzi a batire aja ogula m'botolo (distilled water, osati asidi), osati a kumpopi, kwa mphindi 30 kapena kupitirirapo. Dzimbiri lofiira limasanduka lakuda, ndipo lakudalo silidya chitsulo ngati lofiira. Zikauma, pukutani mofatsa ndi steel wool yofewa kwambiri ya nambala 0000. Fumbi lofewa limagwa, pansi pake n'kuoneka chitsulo chakuda bii, zilembo zake zikuwerengeka. Mwina mubwereza katatu kapena kanayi, ndiye imafuna kudekha, kuthamanga sikufika. Pomaliza ziviikeni m'mafuta. Ngati dzimbiri ndi la pamwamba chabe, mafuta ndi steel wool yomweyo zikukwanirani, musavutike ndi poto.

Dziwani kuti njira zonsezi sizibwezera chitsulo chimene chinadyeka. Maenje ali mumpope akhalabe momwemo. Apa ndi pamene kuyeretsa kumasiyana ndi kuwombera. Webley imatseguka pothyoka pakati, ndipo kachitsulo kotsekera pamwamba kakatha, kapena chigubu cha zipolopolo chikapanda kulunjika bwino ndi mpope, chimene chingaphulike ndi dzanja lanu. Zina anazidula kumbuyo kwa chigubu kuti zilandire zipolopolo za .45 ACP, zomwe mphamvu yake imaposa imene mfutiyi inapangidwira. Zimenezi amaziweruza ndi mmisiri wa mfuti wokhala ndi laisensi, atayeza ndi zida zake. Munthu wongoona kunja sangadziwe.

Ikanakhala ya agogo anga, ndikanaiwiritsa, kuipaka mafuta, n'kuitsekera m'bokosi lachitsulo lokhoma osaiwombanso. Mukapita nayo kwa mmisiri, muuzeni poyamba penipeni kuti asaipukute pa makina ndipo asaiikenso khungu lakuda latsopano, zilembo za ku Birmingham zikhale momwe zilili.