Kukonza Mpope Wamphepo Kapena Kuika wa Sola pa Famu ya Ng'ombe

M'mafamu a ng'ombe a m'madera ouma a kum'mwera kwa Africa, monga cha ku Vryburg m'chigawo cha North West ku South Africa, m'mphepete mwa chipululu cha Kalahari ndi m'dziko la Namibia, ziweto zimadalira madzi apansi panthaka, ndipo kwa zaka zoposa 100 chimene chakhala chikutulutsa madziwo ndi mpope woyendera mphepo. Masiku ano mpope woterewu ukangoima, funso limene limabwera msanga ndi lakuti kodi ukonzedwe kapena ugwetsedwe kuti paikidwe wa sola. Ena mwa ife amene tinachoka kumudzi n'kudzagwira ntchito m'mafamuwa ndi amene timatumidwa kukwera nsanja ndi kuzula mapaipi, choncho nkhaniyi imatikhudza kwambiri. Maganizo anga ndi akuti mipope yambiri imagwetsedwa chifukwa cha vuto laling'ono limene lili pansi pa chitsime, pomwe gudumu la mapiko ndi magiya za pamwamba pa nsanja zikadali zolimba, ndipo kuyerekeza kwachilungamo kuyenera kuyambira pamenepo.

Mphamvu ya mpope wamphepo yagona pa mfundo yakuti chilichonse cha pa iwo chimaoneka ndi maso ndipo chimakonzeka ndi sipanala. Daniel Halladay anapanga mpope wotha kudzitembenuza wokha potsata mphepo m'chaka cha 1854 ku America, kampani ya Aermotor inayamba ku Chicago mu 1888, ndipo mtundu wake wotchedwa 702, umene unatuluka mu 1933, ukugwirabe ntchito m'mafamu ambiri ndipo zipangizo zake zimapezekabe. Kuno kum'mwera maina odziwika kwambiri ndi Climax ndi Southern Cross, umene chiyambi chake ndi ku Toowoomba m'dziko la Australia. Mipope yakale kwenikweni inali ndi magiya apamtunda ofuna kuthiridwa mafuta pafupipafupi, koma kuyambira cha m'ma 1915 magiya anayamba kuikidwa m'bokosi lotsekeka momwe amasamba mu oilo, moti ntchito yapamwamba inatsika kufika pa ulendo umodzi pa chaka. Pa ulendo umenewo munthu amakhetsa oilo wakale, n'kuona ngati muli madzi kapena tizidutswa tachitsulo, kenaka n'kuthira watsopano wopepuka, chifukwa oilo wolemera sakwera bwino kukafika pa ziwalo zapamwamba nyengo yozizira. Amamangitsanso mabawuti a nsanja ndi a mapiko, n'kuyesa buleki komanso sipuling'i ya mchira, imene imalola gudumu kupatuka pamene mphepo yakula kwambiri. Mpope umene ukulira mokwecha kapena kugogoda uyenera kuimitsidwa tsiku lomwelo, pakuti magiya ouma amadyana mofulumira ndipo mutu watsopano, kutanthauza bokosi la magiya lija, ndi wodula koposa china chilichonse pa mpopewo.

Chimene chimatopetsa anthu, n'kuwachititsa kudana ndi mpope wamphepo, chili pansi. Kumapeto kwa mapaipi kuli silinda, ndipo m'kati mwake mumayenda pisitoni yovekedwa zikopa zooneka ngati kapu, pamodzi ndi valavu yoletsa madzi kubwerera. Zikopazi zimatha, ndipo m'chitsime chamchenga zimatha mofulumira kuposa m'chitsime cha madzi oyera. Chizindikiro chake n'chakuti gudumu likuzungulira bwino, marodi (ndodo zachitsulo zolumikiza pisitoni ku magiya) akukwera ndi kutsika, koma madzi akutuluka pang'ono kapena sakutuluka n'komwe. Apa mpamene mitundu iwiri ya silinda imasiyana kwambiri. Silinda yotseka pamwamba imakhala yaikulu kuposa mapaipi ake, choncho kuti musinthe zikopa ziwiri zotsika mtengo muyenera kuzula mapaipi onse limodzi ndi marodi, paipi imodzi imodzi, ntchito yofuna anthu angapo, chingwe, timagudumu tokokera chingwe ndi tsiku lathunthu, ndipo dzanja likangoterereka zonse zimagwera m'chitsime. Silinda yotsegula pamwamba imakhala yocheperako pang'ono kuposa mapaipi, mwachitsanzo silinda ya inchi 1 7/8 pa mapaipi a mainchi 2, moti pisitoni ndi valavu zimatuluka kudzera m'kati mwa mapaipiwo pongozula marodi okha. Amene anakonzapo mjigo wa Afridev kumudzi aizindikira nzeru imeneyi, popeza nawonso unapangidwa kuti anthu azisintha zam'kati popanda kuzula mapaipi.

N'zoona kuti silinda yotsegula imafuna mapaipi otakata, amene ndi olemera komanso okwera mtengo, ndipo pa chitsime chosazama, pomwe mapaipi ndi awiri kapena atatu okha, kusiyanako sikuoneka kwenikweni. Koma pa chitsime chakuya ndimaona kuti ndalama yosinthira ku silinda yotsegula imabwerera pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu wosintha zikopa, ndipo munthu amene akuyerekeza sola ndi mpope wa silinda yotseka akuyerekeza ndi mpope umene sunapatsidwe mwayi. Kukula kwa silinda nakonso n'kofunika kukuganizira. Pali chizolowezi choika yaikulu pofuna madzi ambiri, koma silinda yaikulu imalemetsa gudumu, ndiye limangoima pa kamphepo kayaziyazi n'kumadikira mphepo yamphamvu, pomwe yaing'ono imapopa pang'onopang'ono kwa maola ochuluka ndipo pakutha pa mlungu imakhala itadzaza thanki kuposa inzake. Magudumu a Aermotor amayambira pa mafiti 6 kufika pa 16, ndipo chitsime chikamazama pamafunika gudumu lalikulu kapena silinda yaing'ono, mwinanso zonse ziwiri.

Kuipa kwa mpope wamphepo kumene sikungabisidwe ndi ngozi. Kukwera nsanja ya mamita 9 kapena 12 utanyamula oilo ndi zida si ntchito yamasewera, ndipo mphepo ikatembenuka mwadzidzidzi mchira kapena gudumu zingathe kumukankha munthu pa thabwa loimapo. Buleki yokha siyenera kudaliridwa. Gudumu limangidwe ndi tcheni kapena chingwe cholimba, wokwerayo avale lamba womangirira ku nsanja, pansi pakhale mnzake, ndipo tsiku la mphepo yamkuntho kapena la ziphaliwali ntchitoyo idikire. Eni mafamu amene sagula lamba wotereyu alibe chifukwa chomveka chotumira wantchito pamwamba. Komanso amisiri odziwa kumasula mutu wa mpope akuchepa chaka ndi chaka, ndipo ichi chokha chapangitsa mafamu ena kusamukira ku sola ngakhale mipope yawo inali yabwinobwino.

Mpope wa sola, monga SQFlex wa Grundfos kapena PS2 wa Lorentz, umachotsa mavuto onsewa nthawi imodzi. Palibe kukwera nsanja, palibe oilo, palibe zikopa, ndipo ntchito ya nthawi zonse ndi kupukuta fumbi ndi zitosi za mbalame pa mapanelo. Ubwino wake waukulu koposa ndi wakuti umagwirizana ndi ludzu la ng'ombe. Masiku otentha kwambiri, pamene ng'ombe yaikulu ingamwe malita 50 kapena kuposerapo, makamaka yoyamwitsa, dzuwa limakhala lili phwee ndipo mpope umagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pomwe masiku omwewo mphepo ingathe kukhala bata ndipo gudumu osasuntha konse. Mpope wa sola umalolanso kuika choyandama m'thanki chouzimitsa madzi akadzaza, ndi kachipangizo kouimitsa madzi akaphwa m'chitsime, zimene zimateteza chitsime chofooka. Umathanso kukankhira madzi kutali kapena pa chitunda mosavuta kuposa mpope wamphepo, umene umafuna zowonjezera pamwamba pa chitsime kuti uchite zimenezo.

Komabe sola ikafa imafa mwa mtundu wina. Bokosi loyendetsa mpope likapsa ndi chiphaliwali, kapena mchenga ukadya zam'kati mwa mpope, palibe chimene munthu wa pa famu angachite ndi sipanala. Chipangizocho chiyenera kupita ku tauni kapena kugulidwa china, ndipo ng'ombe sizingadikire milungu iwiri. Mapanelo amatha kukhala zaka 20 kapena 25, koma mpope ndi bokosi lake kawirikawiri sizifika pamenepo, pomwe mutu wa mpope wamphepo wosamalidwa bwino umapitirira zaka 50. Palinso umbava, umene m'madera ena ndi vuto lalikulu kuposa ena onse: mapanelo ndi mawaya amkuwa zimamasuka usiku umodzi ndipo zili ndi msika, koma palibe amene amanyamula gudumu la mafiti 12 pamutu. Pa chitsime chakutali ndi nyumba, chimene munthu amafikako kamodzi pa mlungu, mfundo imeneyi payokha ingapendeketse chiganizo chonse. Za injini ya dizilo sindikambapo zambiri, chifukwa mtengo wa mafuta ndi maulendo okaiyatsa zimaipangitsa kukhala yothandiza pa ngozi pokha, ngakhale kuti famu iliyonse ingachite bwino kusunga imodzi yonyamulika.

Njira zonse ziwiri zimadalira thanki, ndipo apa mpamene mafamu ambiri amaumira ndalama molakwika. Ng'ombe 100 zomwa malita 50 iliyonse zimatha malita 5,000 pa tsiku, ndiye kuti pa mpope wamphepo, pomwe bata lingatenge masiku asanu, pafunika posungira malita 25,000 kapena kuposa. Pa sola masiku atatu angakwane chifukwa mitambo siikhalitsa m'madera amenewa, koma thanki yaikulu ndiyo imapereka mpata wokafuna chipangizo china pamene bokosi lapsa. Nthawi zambiri mpope wamphepo umanenedwa kuti sukwanitsa, pomwe usiku wonse umapopa madzi amene amangosefukira pansi chifukwa posungira m'pochepa kapena m'pobooka.

Chifukwa cha zonsezi, pamene nsanja yaima mowongoka, mutu sunang'ambike, magiya ali ndi mano athunthu ndipo pa famu pali munthu wodziwa kukwera mosamala, ine ndingakonze mpope wamphepo, n'kusintha silinda kukhala yotsegula pamwamba, ndalama yotsalayo n'kukulitsira thanki. Pamene mutu waphwanyika, kapena chitsime chili m'chigwa chobisika ku mphepo, kapena chiweto chachuluka kotero kuti madzi amaperewera chaka chilichonse nyengo yotentha, sola ndiyo yoyenera, bola mapanelo aikidwe pamalo okwera, pa chimango chowotcherera, ndi waya wopititsa chiphaliwali pansi. Ngati chitsime n'chotakata mokwanira, ena amatsitsa mpope woonda wa sola kunsi kwa silinda n'kusiya zonse ziwiri zikuthira m'thanki imodzi, ndipo pa chitsime chimene ng'ombe zambiri zimadalira, njira imeneyi ndi imene ndingasankhe, malinga chitsimecho chitayesedwa kaye kuti chili ndi madzi okwanira mipope iwiri.